Mkamwini Wadutsa pa Manda

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tili bwino, kungoti mwandivutitsa sabata yathunthu, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi muimve kwa wina. Ndikudziwa kuti anthu a kwathu ku Mua amabwera kumeneko pafupipafupi, ndipo aliyense amafika ndi nkhani yake yothira mchere. Imvani kwa ine Esinati, mwana wanu uja munkati anapita ku yunivesite kukaphunzira kuthirira mpunga umene inu munkathirira osaphunzira.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Aginesi anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi. Tamutcha Rozina, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ndipo kukuwa ndi kwanunso. Tsiku la ubatizo analira mpaka kwaya inasiya nyimbo pakati. Munda wanu wa ku Bwanje Aginesi waugwira bwino. Mpunga wachita chaka chino ngakhale mpheta zinalimbana naye, ndipo pano ali mkati momweta. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija yaswa awiri. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo ya mu Janyuwale, talifolera. Chiliza chanu chamangidwa, ndipo Loweruka lapitali tinachidalitsa. Mochedwa, inde. Zaka ziwiri ndi miyezi. Musandiyang'ane ine, funsani mlongo wanu, amalume aFabiyano, amene msonkhano uliwonse wa banja amautseka ndi kuitanitsa msonkhano wina.

Tsopano nkhani ya Mkamwini.

Mukukumbukira mmene njinga yamoto ija inabwerera pakhomo pathu. Ndinakugulirani nditangoyamba ntchito, bungwe lina likugulitsa njinga zake. Anthu anaseka, akuti mayi wa zidzukulu adzathyoka chiuno. Inu munaiphunzira m'bwalo la mpira masiku anayi, munagwa kawiri, kachitatu munagwetsa mphunzitsi. Dzina munaipatsa nokha. Munati, "Uyu ndiye mkamwini amene ndinkamufuna. Amanyamula matumba, samwa kachasu, ndipo ndikamuzimitsa amakhala chete."

Titakuikani m'manda, amalume analamula kuti katundu wanu asakhudzidwe mpaka chiliza chitamangidwa. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti njingayo izilizidwa kamodzi pa sabata. Anandiyankha kuti mwambo sunapite ku yunivesite. Basi Mkamwini analowetsedwa m'chipinda chosungira mpunga, n'kufunditsidwa chitenje chanu cha kutchalitchi. Zaka ziwiri zonsezi Aginesi wakhala akupita ku Bwanje pa njinga yakapalasa, ngakhale pamene anali ndi pakati, kenakonso ali ndi mwana kumsana, pomwe njinga yamoto ikugona m'nyumba ngati mlendo wolemekezeka.

Banja linagwirizana kuti chiliza chikangodalitsidwa, njinga ikhala ya Aginesi, popeza munda ali nawo ndi iye. Ndinatenga tchuthi cha sabata imodzi ku Lilongwe, ndinafika Lolemba masana. Ndinapeza pakhomo pali mlandu kale. Amalume anali ataitana makanika wa ku Golomoti, aYusufu, munthu wabwino ndithu, amene wakonza njinga za akabaza zosawerengeka. Anali atagona chagada pansi pa Mkamwini, akufufuza uku ndi uku. Kenako anadzuka, n'kupukuta manja, n'kunena kuti, "Wallahi, abambo, njinga iyi anaiba kabuleta."

Amayi, mukanaona nkhope ya mlongo wanu! Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wa Aginesi, mkamwini wanu weniweni, amene anangoima pakhonde atanyamula mwana. Anayamba kumufunsa kuti kiyi wa chipindacho amasunga ndani. Ndinalowerera msanga. Ndinati, "Amalume, munthuyu musiyeni. Sanabe kanthu. Njinga iyi inabadwa yopanda kabuleta." AYusufu anaseka mpaka kugwira bondo. Anati, "Madamu, njinga yopanda kabuleta ili ngati munthu wopanda m'mimba."

Ndinachita kukhala pansi n'kuwafotokozera. Njinga za akabaza zimayamwa petulo kudzera m'kabuleta. Iyi ayi. Ili ndi kapampu ka magetsi m'kati mwa thanki, kamene kamakankha petulo mwamphamvu kupita ku kachitsulo kotchedwa injekita, ndipo kachitsuloko kamapopera mafuta mu injini ngati mmene timapoperera mankhwala pa tomato. Ndinawauzanso kuti ukatembenuza kiyi, usanalize n'komwe, uyenera kumva kapampuko kakulira ngati udzudzu. Inu munkadziwa zimenezi. Munkati, "Dikira, Mkamwini akuyasamula."

Tinaika batire latsopano, popeza lakale linali litaferatu. Ndinatembenuza kiyi. Nyale zinayaka, koma udzudzu ayi. Zii. Amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene maloto ake akwaniritsidwa. Ine ndinavula nsapato za mu ofesi, ndinamanga chitenje, ndinayamba.

Injini imafuna zinthu zitatu basi: mafuta, mpweya ndi moto. Mukaziyang'ana chimodzichimodzi, matenda sabisala. Fyuzi inali bwino. Nditachotsa mpando, ndinapeza eni nyumba. Makoswe, Amayi. Anali atatafuna waya wa pampu mpaka kuduka, ndipo m'bokosi lolowera mpweya anali atamangamo nyumba ya mankhusu a mpunga ndi tizidutswa ta chitenje chanu chomwe chija. Zaka ziwiri akudya mpunga wanu, akugona m'njinga yanu, akufunda nsalu yanu. Mwambo wa amalume unawasamala bwino kuposa mmene unasamalira Aginesi. Ndinalumikiza wayawo, ndinaukulunga, ndinatembenuza kiyi. Udzudzu unalira, koma mopanda mphamvu, ngati wa mu Julayi.

Lachiwiri tinalowa m'thanki. Fungo lake silinali la petulo ayi, linali ngati la vanishi wakale. Ndinakhuthulira m'botolo loonekera kuti aliyense aone ndi maso ake. Pamwamba panali mafuta ofiirira, pansi pake madzi. Amalume anafuna kudziwa amene anathiramo madzi, ndipo maso awo anayambanso kufunafuna mkamwini wanu. Ndinati palibe. Petulo wathu amasakaniza ndi mowa wa nzimbe, ndipo mowawo ukakhalitsa umamwa chinyezi cha mumpweya. Kwathu kunyanja chinyezi sitichita kugula. Madziwo anabweretsa dzimbiri, dzimbiri linatseka kasefa ka pampu. Tinatsuka thanki katatu, tinatsuka sefa, pampu inayamba kuimba bwino.

Injekita ndiye inali itamatidwa ndi utomoni wa petulo wakaleyo. M'malo mopopera, inkangodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. AYusufu anatulutsa singano m'chipewa kuti aitokose. Amayi, ndinawamenya dzanja. Munthu wamkulu, wandevu, ndinawamenya ngati mmene munkandimenyera ine ndikatola nyama mumphika. Timabowo take n'tating'ono kuposa nsonga ya singano, ukatitokosa basi waononga. Tinaitsuka ndi mankhwala otsukira a m'chitini, uku ndikugunditsa mawaya ake ku batire pang'onopang'ono kuti itseguke. Kachisanu inapopera nkhungu yosalala. AYusufu anaiyang'ana kwa nthawi, n'kunena kuti, "Mashaallah. Ndiye kuti kabuleta wake ndi kameneka?" Ndinati eya, tingotero, kuti mtendere ukhalepo.

Lachitatu tinasintha pulagi ndi oyilo, tinapopa matayala. Ndinadzaza thanki mpaka pakhosi kuti chinyezi chisapeze malo. Ndinadina sitata. Mkamwini anatsokomola kawiri, anatulutsa utsi ndi mankhusu, n'kulira. Kulira kwake komwe kuja, Amayi. Aginesi analuluta, kenako anakhala pansi n'kuphimba nkhope, chifukwa phokoso limenelo kwa ife limatanthauza kuti mwafika. Ine ndinayenda pabwalo ngati tambala. Ndinakumbuka mawu anu aja akuti, "Digiri yakoyo ikadzaphika ndiwo undiitane," ndipo mumtima ndinati, bwerani mudzadye.

Ndinafulumira kudzitama.

Lachinayi m'mawa ndinati tiiyese pa msewu wa ku Bwanje. Amalume anakwera kumbuyo, atandigwira m'mapewa ngati akuwongolera ngolo. Inayenda bwino kwambiri. Tinadutsa mlatho, tinadutsa pamsika, tinalowa msewu wafumbi. Titangofika pamudzi wa agogo, pomwe pali mitengo ya manda amene mwagonamo, Mkamwini anayamba kubanika. Ndinawonjezera moto, iye anakana. Anatsokomola, anazima, n'kuima moyang'anizana ndi kanjira kolowera kwa inu. Sindikuwonjezera. Chiliza chanu chinkaoneka pakati pa mitengo.

Amalume anatsika mwakachetechete. Anatsegula thanki kuti aone ngati mafuta atha, anapeza ali tho, anatseka. Kenako anavula chipewa, anayang'ana kumanda, n'kuyamba: "Mlongo, pepani. Ngati tinalakwa kuitulutsa musanatiloleze, tikhululukireni. Tiloleni tingobwerera kunyumba." Anandikodola kuti ndilize. Ndinadina sitata. Inalira nthawi yomweyo, yosalala ngati palibe chachitika.

Amayi, munandinyazitsa pamaso pa mlongo wanu. Zaka zinayi za ku yunivesite, ndipo njinga ikumvera chipewa cha amalume!

Anakana kuti tipitirire. Tinabwerera. Tikulowa pabwalo inatsokomolanso pang'ono, koma ndinaizimitsa osalabadira. Masana aYusufu anati mwina vuto ndi dzanja la mkazi. Ndinawonjezera petulo kuti asadzanamizire mafuta, iwo anakwera ndi amalume. Anabwerako patapita nthawi, njinga itawazimira nawonso. Malo omwewo, kanjira komweko. Thanki anatsegula, amalume anapepesa, njinga inalira. AYusufu, amene si wa mpingo wathu n'komwe, anati zinthu zina si za sipanala.

Madzulo ake amalume anagamula. Anati mwini wake waikana njingayi, ndipo sangalole kuti mwana wa mlongo wawo adzafere pa msewu ndi khanda kumsana. Loweruka, chiliza chikangodalitsidwa, aYusufu aitenge akaiphwasule, zitsulo zake zikathandize njinga zina kutali ndi banja lino. Sanalankhule mwankhanza ayi, ankaopa zenizeni. Aginesi anangoyang'ana njinga yake yakapalasa yotsamira pakhoma, yomwe tayala lake lakumbuyo ndi lomanga ndi mphira. Msewu wa ku Bwanje ndi umodzi, ndipo umadutsa pa inu. Matumba a mpunga anali akudikira kumunda.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze wina aliyense. Kwa kanthawi nanenso ndinakhulupirira. Ndipo sindinachite mantha, ndinasangalala. Ndinati, kani akutionabe, akadali ndi mphamvu zoimitsa zinthu pamsewu monga ankaimitsira minibasi ndi dzanja limodzi. Koma kenako ndinakwiya. Ndinati ayi, amayi anga sangatero. Mayi amene anayenda wapansi kukagulitsa mpunga ku Golomoti kuti ine ndipite kusukulu sangamane mwana wake njinga. Munali ndi zolakwa zanu, pakamwa panu panali tsabola, koma kaduka munalibe. Inu nomwe munkati, "Usanatukwane mbuzi, yang'ana chingwe."

Lachisanu ndinayang'ana chingwe. Ndinadzaza thanki ngati kale, ndinayang'ana wotchi, ndinatembenukira kumpoto, njira ya ku Mtakataka, kumene kulibe m'bale wathu aliyense wogona. Ndinali ndekha. Mphindi khumi zinatha ili bwino. Zitakwana pafupifupi khumi ndi zisanu, monga dzulo lake, Mkamwini anabanika, anatsokomola, n'kuzima. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kumanzere chigayo, kumanja mayi wogulitsa usipa. Ndinaseka mokweza mpaka mayiyo anakokera lichero lake pafupi. Ndinati, Amayi, kodi kuchigayo kuno tinakuikaninso?

Ndiye kuti vuto silinali malo, linali nthawi. Ndinakumbukanso kutsokomola kwa pabwalo kuja. Kanyale kochenjeza sikanayake, kusonyeza kuti mbali ya magetsi sinkadandaula kanthu. Ndinachotsa pulagi kuona ngati moto ukuthawa injini ikatentha. Moto unalipo, wobiriwira bwino. Ndinatembenuza kiyi n'kutchera khutu. Pampu inkalira, koma mokakamizika, ngati munthu woyamwa thobwa lolimba ndi bango. Ndinadina sitata osapepesa kwa aliyense. Inakana. Kenako ndinadzifunsa kuti, kodi amalume amachita chiyani asanavule chipewa?

Ndinatsegula chivindikiro cha thanki pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Pfuuu! Thanki inakoka mpweya ngati munthu wotuluka pansi pa madzi.

Amayi, nthawi yomweyo ndinakuonani m'khitchini, mutagwira chitini cha mafuta ophikira ndi msomali. Ndinali mwana, ndinali nditaboola bowo limodzi, mafuta akutuluka modukizaduka. Munandilanda n'kuboola lachiwiri mbali inayo. Munati, "Chitini uziboola pawiri, mwana iwe. Chopanda popumira sichipatsa."

Thanki nayo ili ndi popumira, kapaipi kakang'ono kotsikira pansi pa njinga. Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kulephera, makamaka thanki ikakhala yodzaza mpaka pakhosi, monga mmene katswiri wina wa digiri ankaidzazira. Inde, mbali imeneyo ndi yanga, ndavomera, musaibwereze kwa anzanu kumeneko. Ndinagwada m'fumbi, ndinatsata kapaipiko ndi chala mpaka kumapeto. Kanali komatidwa ndi dothi lofiira, louma gwa. Mavu aja omanga ndi dothi, omwe munkalimbana nawo m'mabowo a loko ndi m'mikono ya malaya. Ndinabwereka sipoko ya njinga kwa bambo wa pachigayo, ndinatokosa. Munatuluka dothi lotalika ngati chala, ndi akangaude ouma amene mavuwo anasungira ana awo. Ndinazimanga m'kampango. Kenako ndinayenda ola lathunthu osaima, mpaka ku Mtakataka n'kubwerera, ndikuimba nyimbo ya kwaya yanu molakwitsa mawu.

Kunyumba ndinayala kampangoko pamaso pa amalume. Ndinati, "Mzimu wanu uja ndi uwu." Anayang'ana dothilo, anati iwo sakangana ndi dothi, akufuna aone njinga itadutsa. Ndinati chabwino, mawa, pamaso pa anthu onse, ndipo woyendetsa akhala mwini wake.

Loweruka anthu anadzaza. Tinapemphera, chiliza chinawazidwa madzi odalitsa, azimayi anzanu anaimba mpaka ine, amene ndimati sindilira pagulu, ndinabwereka mpango wa munthu. Aginesi anali atabwerera kunyumba mwakachetechete, mwana atandisiyira. Mapemphero atatha tonse tinatulukira kumsewu. AYusufu anali pomwepo ndi thumba la masipanala, okonzeka kutenga katundu wawo. Amalume anali atagwira kale chipewa m'manja, kukonzekera kupepesa.

Tinamva kulira kuchokera patali. Kenako fumbi. Kenako Aginesi, atavala chisoti chanu chofiira chija, atakhala mowongoka ngati inu. Atayandikira kanjira ka manda anachepetsa liwiro, ndipo ndinati yayambanso. Koma ayi. Anangofuna kukupatsani moni. Analiza hutala kawiri, anawonjezera moto, n'kudutsa. Anadutsa, Amayi! Fumbi lake linatsikira pa jekete la amalume. Azimayi analuluta, ena anathamangira kumsewu akuvina, Rozina wamng'ono anakuwa kumsana kwanga kuposa onse. AYusufu anaponya thumba pansi n'kuwomba m'manja, akuti, "Madamu, mundiphunzitse ka udzudzu kaja, njinga zoterezi zayamba kuchuluka."

Tinadikira. Palibe anafuna kupita kukadya. Patapita nthawi anatulukiranso, thumba la mpunga litamangidwa kumbuyo, ngala zingapo zili m'manja. Anaimitsa njinga yekha, mwa kufuna kwake, anatsika, anakaika ngalazo pa chiliza chanu. Thumbalo linali loyamba kuchoka m'munda mwanu pa msana wa Mkamwini kuyambira tsiku lija tinakuikani m'manda.

Mukuganiza kuti mlongo wanu anagonja? Simukuwadziwa kodi? Anavala chipewa, anakonza kukhosi, n'kulengeza kwa anthu kuti mlongo wawo wakhululuka, njinga ndi ya Aginesi. Ine ndinati, "Amalume, anali mavu." Anandiyang'ana modekha n'kunena kuti, "Iwe Esinati, nanga mavuwo anawatuma ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, Amayi, mayankho atatu ali okonzeka. Kenako ndinatseka. Ndinaganiza kuti zikanakhala kuti njinga sinazime, sindikanagwada m'fumbi pachigayo paja n'kukuonani mutagwira msomali. Ngati munawatuma ndinu, ndiye kuti ndinu wovuta kumeneko monga munalili kuno, ndipo ndakondwa. Koma ndikuchenjezeni, kapaipi kaja ndakamanga kansalu ka neti kunsonga. Mukafuna kundiuza kanthu, pezani njira ina.

Ndiye digiri yaphika ndiwo. Ndavomera kuti mchere wake unali wanu.

Ndabwerera ku Lilongwe, zikhadabo zikadali zakuda. Aginesi akututa matumba tsiku lililonse, mwamuna wake akusenzetsa, ndipo amalume ayamba kumupatsa moni bwinobwino. Ndikukulonjezani kuti Mkamwini sadzagonanso m'chipinda cha mpunga, ngakhale wina aitanitse misonkhano khumi. Ndipo Rozina akadzakula mpaka miyendo kufika pansi, ndidzamuphunzitsa ndekha m'bwalo la mpira lomwe lija.

M'mawa uliwonse mukamva hutala kawiri pamsewu, musadzuke. Ndi Aginesi akupita kumunda.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani uja,

Esinati